If, will ndi would: zimene ndimachonga m'makope a ana kuno ku Mangochi

Anthu a kuno akamva kuti kwatuluka ntchito, kaya ya uwetala ku malo ogona alendo a ku Nkopola, kaya ya ukalaliki pa boma, amandipeza ndi kalata m'manja kuti ndiwaonereko Chingerezi chake asanakaipereke. Nyumba yanga ili m'mbali mwa msewu, ndiye kothawira kulibe. Zolemba zimasiyana, mapepala amasiyana, koma mzere womaliza umakhala umodzimodzi: "I will be grateful if my application will be considered." Mzere umenewu ndauona kwa anyamata ongomaliza Fomu 4, kwa azimayi a dipuloma, ngakhalenso kwa bambo wina amene anakhalitsa ku Joni ndipo Chingerezi amachithyola bwinobwino pakamwa. Ndikadula *will be* wachiwiriyo n'kulembapo *is*, ambiri amakwinya nkhope. "Madamu, komatu kalatayi sanaiwerenge, adzaiwerenga m'tsogolo. Nanga *will* mwamuchotseranji?"

Funso limeneli ndi lanzeru. Amene amalifunsa akuganiza m'Chichewa, ndipo m'Chichewa akulondola. Timati, "Ukadzabwera mawa ndidzakupatsa ndalama yako." Taonani *-dza-* ali uku, alinso uko. Timatinso, "Ndikanadziwa sindikanakwera bwato lija," *-kana-* ali mbali zonse ziwiri. Ngakhale makolo anati ndikadadziwa ndikadaphika therere. Chiyankhulo chathu chimakonda kuika chizindikiro chimodzimodzi pa nthambi zonse ziwiri za chiganizo. Chingerezi chimachiika kamodzi kokha, ku nthambi imene ikunena zotsatira, ndipo nthambi ya *if* imatsala yopanda *will*, yopanda *would*. Zolakwika ziwiri zimene zimandithera inki yofiira, "If you will come, I will give you" ndi "If I would have known, I would not have come," zonse zimachokera pamenepa. Ana ndimawauza kuti *if* ndi *will* ali ngati mkamwini ndi apongozi ake: mudzi ndi umodzi, koma mphasa sakhalira imodzi. Amaseka, koma pa mayeso amakumbukira.

Ana ambiri amene ndimaphunzitsa kunyumba amayankhula Chiyao, kumsika ndi kumpira Chichewa, Chingerezi n'kukhala chachitatu. Mwana wotere *naga*, amene ndi *if* wa Chiyao, amamudziwa, *ngati* amamudziwa. Kuganiza za zinthu zimene zingachitike, kapena zimene zikanachitika, sitimuphunzitsa ndife. Ntchito yathu n'kumuonetsa mmene Chingerezi chimasinthira mneni pofuna kunena zimenezo.

Mabuku a galamala amagawa ziganizozi m'magulu, type 1, type 2, type 3, ena n'kuwonjezera la zero. Mphunzitsi amajambula tebulo pabolodi, ana amakopera n'kuloweza. Tebulolo sindilinyoza, inenso ndimalijambula, chifukwa mayeso a MANEB ali ndi mafunso osankha pa A, B, C ndi D, ndipo mwana woloweza bwino amawakhoza. Tonse tikudziwanso kuti ukalakwa Chingerezi satifiketi ya MSCE suiona, ngakhale Masamu utakhoza ndi 1. Koma mwana yemweyo mukamupatsa chimangirizo, tebulo lija limabalalika, chifukwa m'chimangirizo palibe amene akumulembera theka la chiganizo kuti iye amalize. Ayenera kusankha yekha, ndipo manambala aja samuuza kuti asankhe bwanji. Ndiye ine ndisanatchule nambala ndimayamba ndafunsa kuti: amene akuyankhulayo akukhulupirira chiyani? Akuti chinthucho chimachitika nthawi zonse, chitha kuchitika, n'kungolota chabe, kapena mwayi wake unadutsa kale? Mneni wa pambuyo pa *if* amayankha funso limeneli kuposa funso loti "liti".

Zimene zimachitika nthawi zonse sizivuta, ndipo sinditayapo nthawi. Mwana wa msodzi amadziwa kuti mwera ukaomba ngalawa zimakhala pa doko: "If mwera blows, the boats stay on the beach." Amadziwa kuti usipa ukapanda kuuma bwino pa thandala umaola: "If usipa is not dried properly, it rots." Madzi akachepa mu Shire, ku Nkula magetsi amapangidwa ochepa: "If the water in the Shire drops, Nkula produces less electricity." Mbali zonse mneni ali m'nthawi yatsopano, ndipo mutachotsa *if* n'kuikapo *whenever* tanthauzo silisuntha.

Zimene zitha kuchitika ndi pamene *will* amalowerera. "If it rains tonight, the road to Makanjira will be bad." Mvulayo sinagwe, ndi ya usiku uno, koma Chingerezi chikuti *rains*. Ana amadandaula kuti zimenezi n'zopanda chilungamo, ndipo ndimawavomereza, koma ndi mmene eni ake amayankhulira. Chimene tebulo limabisa n'chakuti mbali inayo sikuti nthawi zonse ndi *will*. Pakhoza kukhala *can*, *may*, *must*, kapena lamulo chabe: "If you see my brother at Mpondasi, tell him to come home." Miyambi yathu yambiri ndi yomangidwa chomwechi. Ukaipa dziwa nyimbo. Ukakwera pamsana pa njovu usamati kulibe mame. Mbali yoyamba ikunena zimene zingakuonekere, yachiwiri ikukulamula.

Pali msampha wina pano umene mabuku olembedwa kunja sautchula, poti sakudziwa kuti owerenga ake ndi ife. Kamphatikiri kathu *-ka-* kamagwira ntchito ziwiri. "Ndikafika ndikuimbira" ndi mawu a munthu amene akudziwa kuti afika. "Ndikaipeza ndikupatsa" ndi mawu a munthu wangongole amene mwina saipeza. M'Chichewa timasiyanitsa ndi nkhope ya munthuyo ndi mbiri yake. Chingerezi chimafuna kuti usankhe: *when* ngati ukutsimikiza, *if* ngati ukukayika. Mtsikana wina amene ndinamuphunzitsa, pano ali pa ntchito yolandira alendo, anapempha tchuthi cha maliro n'kulembera abwana ake kuti, "If I come back, I will finish the report." Abwanawo anamuimbira foni kufunsa ngati akuganiza zosiya ntchito. Iye ankangofuna kunena kuti akabwerako amaliza. Mwini golosale naye ayenera kutchera khutu: kasitomala wonena kuti "when I get paid" ali ndi tsiku, wonena kuti "if I get money" mulembeni m'kope ndi inki yosafufutika.

Pamene ndimakhalitsa kwambiri ndi pa gulu limene mabuku amalitcha lachiwiri, chifukwa m'pamene ana amasokonekera zenizeni. Tsiku lina ndinalemba pabolodi kuti, "If I had an engine boat, I would fish near Makanjira." Mnyamata wina wa ku Makawa, wosayankhulayankhula, anakweza mkono.

"Madamu, bwatolo linapita kuti? Analigulitsa?"

"Bwato liti?"

"Lomwe anali nalolo. Si mwalemba *had*?"

Anzake anaseka, koma ine ndinaona kuti wafunsa pamene pagona nkhani. Kuyambira ku pulayimale timawauza kuti *had*, *went*, *bought* ndi nthawi yakale, dzulo, chaka chatha. Lero tikuwapatsa *had* amene sakunena za dzulo. Ndinamuyankha kuti, "Iwe, munthuyu bwato sanakhalepo nalo, ndipo panopa alibe. Akungolota." Chingerezi chimatenga mneni wa nthawi yakale n'kumugwiritsa ntchito posonyeza kuti zimene zikunenedwazo zatalikirana ndi zoona. Kutalikirako nthawi zina n'kwa masiku, nthawi zina n'kwa maloto. "I had a boat" ndi bwato limene linalipo. "If I had a boat" ndi bwato limene kulibe. Ife timati, "Nditakhala ndi bwato la injini nditha kukapha ku Makanjira," kapena "Ndikanakhala ndi bwato bwenzi ndili pamadzi pano."

Munthu akamvetsa zimenezi amayamba kumva zimene anthu sakunena poyera. Pa kampeni ya chisankho cha mu 2025 simukanamva wopikisana aliyense akunena kuti "If I won." Amati "If I win," ndipo odzikhulupirira kwambiri amati "When I win." Koma mwana wa Fomu 2 polemba chimangirizo choti akanachita chiyani atakhala mtsogoleri wa dziko ayenera kulemba "If I became president, I would…," chifukwa iye sali pa balotipo. Galamala ya ziganizo zonsezi ndi yolondola. Chasiyana ndi mtima wa woyankhula.

Mnyamata wina amene anadutsa m'manja mwanga amagulitsa ziboliboli ku Chembe, ndipo anandiuza kuti phunziro limeneli ndi limene limamudyetsa. Mlendo akati, "If I bought two, would you reduce the price?" ndiye kuti akungoyesa madzi, dzanja lili kutali ndi thumba. Akati, "If I buy two, will you reduce the price?" ndiye kuti wagula kale mumtima, chatsala ndi mtengo. Woyambayo samutsitsira msanga, amayamba wamukopa kaye. Wachiwiriyo amamukulungira katundu nkhani ili m'kamwa.

Kutalikira komweku n'kumene kumabala ulemu. Ife polemekeza munthu timamuchulukitsa, timati "abwera" ngakhale ali mmodzi. Chingerezi polemekeza chimabwerera m'mbuyo pang'ono kuti chisaoneke ngati chikukakamiza. N'chifukwa chake amene amabwera ndi makalata aja, ndikawakonzera *will* uja, ndimawauzanso kuti pali mzere wofewa kuposa pamenepo: "I would be grateful if you considered my application," kapena "if you could consider my application." Amene akulemba chonchi sakutanthauza kuti ntchitoyo saipeza. Akungogwada.

Za *were* ndinene mwachidule. Pa mayeso lembani "If I were you," "If she were here," ngakhale munthuyo ndi mmodzi. Eni chiyankhulo ambiri pocheza amati "If she was here," ndipo palibe amene amawamanga, koma pepala la mayeso likakupatsani *was* ndi *were* pa chiganizo cha maloto, yankho ndi *were*.

Tsopano za mwayi umene unadutsa. Apa Chichewa chimatipusitsanso mwanjira ina, chifukwa *-kana-* wathu sasankha nthawi. "Ndikanakhala ndi ndalama ndikanagula njinga." Liti? Lero pamene taima pa sitolopa, kapena chaka chatha njinga zisanakwere mtengo? Chiganizocho chikhoza kutanthauza zonse ziwiri, ndipo womva amadziwa poona nkhani imene ili pakamwa. Chingerezi chimazilekanitsa. Za lero: "If I had money, I would buy a bicycle." Za chaka chatha: "If I had had money, I would have bought a bicycle." Ana akaona *had had* amaganiza kuti choko chaterereka. Woyambayo ndi wothandizira, wachiwiriyo ndiye kukhala nacho chinthu, ndipo onse akufunika.

Pophunzitsa gulu limeneli sindigwiritsa ntchito zitsanzo za m'buku za munthu wosiyidwa ndi sitima ya pamtunda ku London. Tili ndi nkhani yathu pakhomo pomwepa. Mu 1875 amishoni a mpingo wa Free Church of Scotland anakwera mtsinje wa Shire pa sitima yaing'ono yotchedwa Ilala, anadutsa kwa mfumu Mponda, n'kukakhazikitsa mishoni ku Cape Maclear. Anaitcha Livingstonia pokumbukira David Livingstone, amene anamwalira mu 1873. Mmodzi wa iwo anali Dr Robert Laws. Malungo sanawasiye, ena anamwalira, ndipo manda awo alipo mpaka lero. Mu 1881 mishoniyo inasamukira ku Bandawe m'boma la Nkhata Bay, ndipo mu 1894 inakwera phiri kupita ku Khondowe ku Rumphi, kumene kuli Livingstonia amene tikumudziwa. Ndikafotokoza zimenezi ndimalemba pabolodi: "If Cape Maclear had been a healthier place, the mission would not have moved to Bandawe." Kenako ndimafunsa mafunso awiri. Kodi Cape Maclear anali malo abwino pa umoyo? Kodi mishoni inasamuka? Theka la kalasi limayankha kuti inde pa loyamba, ayi pa lachiwiri, chifukwa likuwerenga zimene maso akuona: *had been healthier*, *not moved*. Zoona zake n'zotembenuza. Chiganizo chotere chikavomera ndiye kuti sizinachitike, chikakana ndiye kuti zinachitika. Ana ambiri amataya malikisi pa mafunso a kumvetsa nkhani chifukwa cha chimenechi, osati chifukwa cha mawu ovuta.

Tsiku lina mtsikana wina wokonda History anatsutsa. Anati, "Madamu, mukudziwa bwanji kuti sakanasamuka? Mwina akanasamukabe pofuna kumene kuli anthu ambiri." Anali ndi mfundo, ndipo anandipatsa poyambira pophunzitsa kusiyana kwa *would*, *could* ndi *might*. *Would not have moved* ndi mawu a munthu wotsimikiza. *Might not have moved* ndi a munthu amene akusiya mpata, monga ankafunira iyeyo. *Could have stayed* akutanthauza kuti mpata wokhala ukanakhalapo. Tinafufuta *would* n'kulemba *might*.

Nkhani yomweyi ndi imene imatsegula chitseko cha ziganizo zosakaniza, zimene tebulo la manambala atatu lilibe malo ake. Mnyamata wina kumbuyo anafuula kuti, "Ndiye bwenzi Livingstonia ali kwathu kuno!" Ndinamuuza kuti anene zimenezo m'Chingerezi. Anayamba ndi "If the mission had stayed, Livingstonia would have been…" n'kuima, chifukwa anamva yekha kuti sakunena za kale, akunena za lero. Chimene ankafuna ndi ichi: "If the mission had stayed at Cape Maclear, Livingstonia would be in Mangochi today." Mbali ya *if* ili mu 1881, mbali inayo ili lero. *Bwenzi* wathu uja amagwira ntchito imeneyi tsiku ndi tsiku: ukanamvera bwenzi uli pa ntchito, ndikanapita ku Joni bwenzi ndili ndi nyumba ya malata. Kusakaniza kumathekanso mbali inayo, khalidwe la masiku onse n'kubala zotsatira za dzulo: "If he were a careful man, he would not have lost the net." Mwana woloweza tebulo akaona ziganizo zotere amati n'zolakwika. Mwana amene wazolowera kufunsa kuti mbali iyi ikunena za liti, nanga inayi, savutika nazo.

Nthawi zambiri chimene chimagwetsa ana pa gulu limeneli si *if*, koma maonekedwe achitatu a mneni. Amalemba "If he had went," "If she had came," "If they had took." Pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pamene pali chipilala cha wotchi chokumbukira Queen Victoria, palinso chikumbutso cha anthu 145 amene anafera pa sitima ya Vipya itamira kumpoto kwa nyanja mu 1946. Ana amadutsapo tsiku ndi tsiku pa kabaza osawerenga. Ndikawauza kuti alembe chiganizo cha Vipya, pafupifupi onse amalemba "If the Vipya had not sank." Mneniyo ndi *sink, sank, sunk*, ndipo pambuyo pa *had* kapena *have* pamabwera wachitatuyo: "If the Vipya had not sunk, those people would not have died that day." Apa palibe nzeru ina, n'kuloweza basi, *go, went, gone*, *come, came, come*, *take, took, taken*, mokweza, m'mawa uliwonse, ngakhale ana a Fomu 4 amaona ngati ndikuwabweza ku Sitandade 6.

Kachidule ka *'d* nako kamasokoneza. Mu "If I'd known, I'd have come," woyambayo ndi *had*, wachiwiriyo ndi *would*. Mwana akamasula onse awiri kukhala *would* wabwerera ku vuto lija. Ndipo *would of* amene akuona pa Facebook si Chingerezi cholembedwa, ndi mmene *would've* amamvekera m'khutu.

*Unless* ndi mutu wina wowawa. Pachipata cha sukulu ina, sinditchula dzina, panapachikidwa pepala lakuti, "You will not write exams unless you don't clear your fees." Amene analemba ankafuna kuopseza osalipira, koma chimene analembadi n'chakuti olemba mayeso ndi okhawo amene sanalipire. *Unless* amabwera ndi kukana kwake m'mimba, ali ngati *if not*, ndiye mukamuwonjezera *don't* mwakana kawiri. Chichewa chathu pano chikugwirizana ndi Chingerezi bwinobwino: timati "Sulemba mayeso pokhapokha utalipira," sitinena kuti "pokhapokha usanalipire." Choncho: "You will not write exams unless you clear your fees." Nayenso *unless* safuna *will* pambali pake, chimodzimodzi *provided that*, *as long as* ndi *on condition that*, amene ali ngati *bola* kapena *malinga* wathu. M'misonkhano ndimamvanso anthu akuti, "We will meet on Friday, unless otherwise," n'kuthera pomwepo. Tonse timamvana, koma polemba mawuwo amafuna mnzake womalizira, monga *unless otherwise stated* kapena *unless you hear otherwise*.

*In case* si m'bale wa *if*, ngakhale ambiri amawasinthanitsa. "Take a torch in case the lights go off" akukuuza kuti tochiyo unyamuliretu, magetsi asanazime, kuopa kuti angazime. "Light a candle if the lights go off" akuti udikire, akazima ndiye uyatse. Amene amalemba pansi pa kalata kuti "Call me in case you need help" kwenikweni akuti ndiimbire panopa kuchitira kuti mwina udzafuna thandizo, pamene ankafuna kunena kuti "Call me if you need help."

Ana ochenjera amakonda kuchotsa *if* kuti chimangirizo chimveke chakupsa, ndipo n'zololedwa malinga mneni wothandizira atsogole: "Had I known, I would have stayed," "Should you need help, call me," "Were I rich, I would build a library at Namwera." Chimene sichiloledwa n'kusunga zonse ziwiri, "If had I known." Pokana timati "Had I not gone," osati "Hadn't I gone." Koma "Had it been that I knew" amene amakondedwa kwambiri m'makalata opepesa ndi *chikhala kuti* wathu atavala jekete. Mawu atatu, "Had I known," akukwanira. Mpatuliro nawo lamulo lake n'lalifupi: nthambi ya *if* ikatsogola, ikani mpatuliro, ikabwera pambuyo, musaike.

Nkhani ya mkamwini ndi apongozi ija ili ndi popumira pake, ndipo chaka chilichonse pamapezeka mwana wondigwira nayo. Wina anabwera ndi nyuzipepala atadula mzere pansi pa chiganizo chakuti "It is not known if the minister will attend." Anati, "Madamu, onani apongozi akhalira mphasa imodzi." Ndinamuuza kuti *if* ameneyo ndi wina. Sakuika lamulo loti ichi chichitike kaye kuti icho chitsatire, akungofunsa, ngati mmene timanenera kuti "sindikudziwa ngati abwera" kapena "kaya abwera." Muyeso wake ndi wosavuta: ngati mungathe kuikapo *whether*, *will* ndi wololedwa. Palinso *will* wa kupempha mwaulemu, amene mumamumva ku banki kapena ku ofesi: "If you will sign here, please." Ameneyo sakunena za m'tsogolo, akutanthauza kuti ngati mungalole. Ndipo pali *will* wa liuma, wonenedwa motsindika: "If you will swim where there are crocodiles, don't blame anyone." Zimenezi ana a Fomu 2 sindiwauza, chifukwa ukangotsegula kampata kameneka *will* amabwerera m'ziganizo zonse. Ndimasungira a Fomu 4, nawonso mayeso atayandikira.

Si mneni aliyense wa nthawi yakale pambuyo pa *if* amene akulota. Mukudikira mlendo pa depoti, wina n'kunena kuti, "If the minibus left Liwonde at six, it has already passed Ulongwe." Apa *left* ndi wa nthawi yakale yeniyeni, m'mawa wa lero, ndipo munthuyo akungowerengetsa ulendo wa pa msewu wa M3. Chimodzimodzi pofotokoza mawu a munthu wina. Amalume akati, "If you pass, I will buy you a phone," iwe pokauza mnzako umati, "My uncle said that if I passed, he would buy me a phone." Chiganizocho chikuoneka ngati cha maloto, koma lonjezo lija likadali lamoyo. Aneni angobwerera m'mbuyo chifukwa cha *said*.

Ana ena amabwera ndi foni kudzandionetsa munthu wa ku America pa TikTok akunena kuti "If I would have known," n'kundifunsa kuti nanga uyu si mwini chiyankhulo? Ndi mwini wakedi, ndipo kumeneko pocheza ambiri amatero. Koma amene adzachonge pepala lako akutsata galamala ya m'mabuku, ndipo ngakhale ku America komweko mkonzi wa nyuzipepala *would* ameneyo amamudula. Ndimawauza kuti akadzafika kumeneko adzayankhule mmene angafunire, koma pepala la MANEB lifuna "If I had known." Za *I wish*, *I would rather* ndi *it is high time*, amenenso amatenga mneni wa nthawi yakale pokamba za lero, tidzakambirana ndikamaliza kuchonga mayeso a moko.